Chevrolet SS Imene Sinafike ku Ntcheu

350. Nambala imeneyi bambo Yotamu Ngozo a ku Mufakose, mumzinda wa Halale, amaidziwa bwino kuposa chaka chawo chobadwa. Mukawafunsa za chaka amakanda m'mutu, n'kunena kuti mwina 1949, mwina 1950, chaka cha njala chija kapena chotsatira chake. Koma mukangotchula 350 amawongoka pa mpando: kumeneko ndi kukula kwa injini ya Chevrolet SS, malita 5.7, masilinda asanu ndi atatu, nyali zinayi kutsogolo, zitseko ziwiri basi. Galimoto imeneyi sinakhalepo yawo. Laisensi alibe, ndipo chibadwire sanayendetsepo ngakhale thirakitala. Komabe kwa zaka makumi asanu mudzi wonse wa kwawo ku Ntcheu unkadziwa kuti Yotamu, mwana wa Nachisale, ali ndi galimoto ku Halale.

Anafika mumzinda uno mu 1969, ukutchedwabe Salisbury, ali ndi bulangete limodzi ndi dzina la mbale wina wophika m'nyumba za azungu. Mbaleyo anawapezera ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina wogulitsa inshuwalansi ku Hatfield. Patapita zaka zitatu bwanayo anapita ku Joni n'kubwerako ndi galimoto imene inkamveka isanaoneke. Agalu a mumsewu wonse ankayamba kuuwa iyo ikadali kutali. Kuyambira pamenepo ntchito ya a Yotamu ya Loweruka m'mawa inali imodzi: ndowa ziwiri, kachikopa kofewa ndi polishi.

Bwanayo ankakonda kukhala pakhonde ndi botolo la mowa n'kumatamanda galimoto yake, osasamala kuti akumva ndani. A Yotamu ankapukuta, makutu ali tcheru. Zimene anamva pamenepo amazifotokozabe mpaka lero, ngati munthu wowerenga mzere wa makolo.

"SS si dzina la galimoto imodzi ayi," amatero. "Ndi mfunda, monga ife a Ngozo. Zilembozo zimaimira Super Sport. Woyamba kubadwa ndi Impala, mu 1961, ku Amereka. Kenako Nova. Kenako Chevelle mu 1964, Camaro mu 1967. Kampani inkatenga galimoto wamba, yopitira kutchalitchi ndi ana, n'kuikamo injini yaikulu, masipuling'i olimba ndi matayala otambalala. Ikatero ndi pamene inkamata zilembo ziwirizo. Mafuta atakwera mtengo mu 1973 banja lonse linafooka, koma silinathe."

Ya bwana wawo ankaikonda pa chifukwa china. Thupi lake linachokera ku Australia, kumene inkatchedwa Holden Monaro, injini inali ya Chevrolet, ndipo anailumikiza ku Port Elizabeth n'kuipatsa dzina latsopano. "Inali yobwera ngati ine," amatero a Yotamu.

Masiku amenewo panali wojambula zithunzi wina amene ankazungulira pa njinga Lamlungu masana, kugogoda kuseri kwa nyumba za azungu kumene antchito ankagona. Aliyense ankafuna kutumiza chithunzi kumudzi, ndipo panalibe wojambulitsa chimanjamanja. Wina ankabwereka jekete, wina wotchi yosayenda, wina ankanyamula wayilesi ya adona. Kumudzi ankadziwa kuchotsera pang'ono pa zimene akuona. Lamlungu lina mu 1974, bwana ndi adona ali ku Kariba pa galimoto ina, wojambulayo analowa pageti n'kuona SS ili mbee pansi pa mtengo.

"Achimwene, wayilesi ya chiyani pamene pali chinthu ichi?"

A Yotamu anavala suti yawo ya kutchalitchi, anayala kansalu padenga la galimoto kuti chigongono chisasiye chizindikiro, n'kutsamira. M'dzanja linalo anagwira makiyi a shedi yosungira makasu. Kuseri kwa chithunzicho analemba mawu anayi okha: Moni nonse, ndili bwino. Bodza sanalembe. Koma yankho la mlongo wawo wamng'ono, Esinati, litafika, linati amayi avina pabwalo, chithunzi chapachikidwa pakhoma, ndipo mubwere nayo pa Khirisimasi anthu adzaione.

Anaganiza zokonza nkhaniyo m'kalata yotsatira. M'malo mwake analemba kuti mafuta akugulidwa mwa makuponi, zimene zinali zoona. Chaka china analemba kuti malire atsekedwa chifukwa cha nkhondo, zoonanso. Mu 1980 bwana anapakira katundu n'kupita ku Durban, galimoto ili patsogolo. A Yotamu analowa ntchito pa fakitale ya mabulangete, anakwatira mayi Barbara, n'kupeza nyumba ya zipinda zinayi ku Mufakose. Mu 1983 kunabwera telegalamu yoti amayi awo amwalira. Ndalama ya ulendo anali nayo. Anafika mpaka ku Mbare Musika ndi chikwama m'manja, anaima pafupi ndi basi, n'kudziona m'maganizo akutsika pa siteji ya kwawo, fumbi lili mbuu m'tsitsi, anthu a pamaliro akusuzumira kumbuyo kwawo kufuna galimoto. Basi inanyamuka iwo ataima pomwepo. Anabwerera kunyumba n'kuuza akazi awo kuti malo anatha. Makalata anayamba kuchepa, kenako anasiyiratu, ndipo kumudzi anawawerengera pamodzi ndi matchona.

Fakitale inatsekedwa, mayi Barbara anatsogola, ana anabalalika. Lero a Yotamu amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba ndipo amakhala ndi mdzukulu wawo Gamuchirai, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi amene ali ndi tebulo la zipangizo za galimoto ku Gazaland, ku Highfield. Mufakose yense amawatchula kuti Sekuru SS, kutanthauza agogo SS m'Chishona. Anyamata a makombi, maminibasi a kuno, amawaputa dala. Wina amamata zilembo za pulasitiki kumbuyo kwa Honda Fit yake n'kudzaima pageti.

"Sekuru, taonani, ndagula SS!"

"Chotsa zimenezo, mwana iwe! Masilinda anayi, injini ngati ya makina osokera, n'kumadzitcha dzina la eni ake? Ulibe manyazi?"

Anyamatawo amaseka n'kumapita. A Yotamu amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Kumayambiriro kwa mwezi uno wa Okutobala foni ya Gamuchirai inalira, nambala ya ku Malawi. Anali Filipe, mwana womaliza wa mayi Esinati, dalaivala wa lole yonyamula katundu kuchokera ku Blantyre kupita ku Durban. Nambalayo anaipeza kudzera mwa mkulu wa mpingo wina wa ku Mufakose amene anakumana naye pamalire a Nyamapanda. Gamuchirai anakweza mawu a foniyo n'kuipereka kwa a Yotamu.

"Amalume, amayi andituma. Maso awo akutha, ndiye akuti akuoneni kusanade. Ndidutsa kumeneko Loweruka. Akutinso poti mwakula, ine ndidzakuyendetsereni galimoto ija mpaka kumudzi. Ilipobe?"

Pakamwa panayankha pokha, mutu usanaganize.

"Ilipo."

Gamuchirai, amene Chichewa amachimva bwino koma amachilankhula mosakaniza ndi Chishona, anaika supuni pansi.

"Sekuru, ilipo kuti? Kuseri kwa nkhuku?"

"Usandizunguze, iwe."

"Muwaimbirenso. Munene kuti munagulitsa mu 2008, ndalama zitasanduka mapepala. Ndani sanagulitse kanthu mu 2008? Mai Ratidzo apa anagulitsa mpaka zitseko za wadirobu."

"Ndanena kale kuti ilipo. Ndiimbenso kuti yasowa pakati pa supuni ziwiri za tiyi?"

"Ndiye munene zoona."

A Yotamu anayang'ana pansi. Zala zawo zinkapinda ndi kupindula m'mphepete mwa nsalu ya patebulo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, ndi mawu otsika amene mdzukuluyo anali asanawamvepo. Filipe angoiona kamodzi itaima pageti. Akatero adzamuuza kuti yakalamba, singathe ulendo wa ku Tete, ndipo iwo adzakwera basi ngati munthu amene wasiya galimoto kunyumba mwa kufuna kwake.

Gamuchirai anakana tsiku loyamba, lachiwiri anayamba kuimba mafoni. Pa makasitomala ake panali bambo wina wa ku Msasa wobwereketsa galimoto zakale pa maukwati, ndipo m'gulu la galimoto zakezo munali Chevrolet SS yofiira. Ya bwana ija inali yachikasu, koma chithunzi chinali chopanda mitundu, ndiye palibe akanadziwa. Mtengo wake unali madola 150 pa ola. Mtsikanayo anafunsitsa mpaka anamva kuti Loweruka lomwelo galimotoyo inali ndi ukwati ku Glen View. Kupatukira ku Mufakose si kutali, anatero, ndipo mafuta ake ndi ochepa. Anagwirizana madola 40, kuti ingoima pang'ono n'kupitirira. A Yotamu anagulitsa nkhuku zisanu ndi imodzi.

Filipe anafika pa kombi Loweruka m'mawa, lole ataisiya kumalo oimika malole. Anali bambo wamtali wa zaka za m'ma 40, mphumi ngati ya amayi ake. Anagwada pakhomo, anapereka moni wa manja awiri, n'kutula thumba la mtedza ndi ufa wa mawere zimene mayi Esinati anapatsira. Maso ake ankangoyendayenda pabwalo.

"Imagona ku galaja," a Yotamu anafulumira kunena. "Kuno akuba. Mnyamata akubwera nayo."

Asanamalize tiyi, anaimva. Kugunda kuja kwa pansipansi, kumene kumayamba m'chifuwa kusanafike m'makutu. Agalu a mumsewu anayamba kuuwa. A Yotamu anaimirira osadziwa kuti aimirira, ndipo kwa kamphindi anaiwala kuti akunama. Anatuluka panja. Galimoto inakhota pakona pang'onopang'ono, ikuzemba maenje, nyali zinayi zikuwala padzuwa. Kuchokera pamphuno pake mpaka pa magalasi a m'mbali panali maliboni oyera ndi apepo, ndipo pa boneti panakhala mulu wa maluwa a pulasitiki.

Msewu wonse unatuluka. Mai Ratidzo a nyumba yoyandikana anayamba nthungululu ali ndi thovu la sopo m'manja.

"Sekuru SS akukwatira! Ndani mwana wamwayiyo? Bwanji osatiuza, tikanasoketsa yunifomu!"

Dalaivala, mnyamata wovala tayi ya gulugufe dzina lake Lawson, anatsika n'kunong'oneza Gamuchirai kuti maliboni sangachotse, akuchikazi anamanga okha m'mawa. Filipe sanamve zimenezo. Ankazungulira galimoto manja ali kumbuyo, ngati akuopa kuidetsa.

"Ndi yomweyo! Amalume, ndi yomweyo ndithu! Nanga maluwawa?"

"Ndimabwereketsa pa maukwati," anatero a Yotamu. Bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba.

Chimene sanachiganizire ndi foni. Filipe anali ataitulutsa kale, ataimba ya kanema, ndipo asanakonzeke a Yotamu anangoona nkhope ya gogo wina wowonda, wa duku lobiriwira, atakhala pakhonde, ana atamuunjirira kumbuyo. Anali Esinati, amene anamusiya ali mtsikana wosenza mtsuko.

"Achimwene? Ndinu?"

"Ndine, Nangozo."

Filipe anatembenuzira foni ku galimoto.

"Ndikungoona chofiira," anatero mayi Esinati. "Maso anapita awa. Ailize, ndimve ndi makutu."

Lawson anayang'ana wotchi, anayang'ana Gamuchirai, n'kutsegula chitseko. A Yotamu analowa. Zaka zisanu ndi zitatu anapukuta chiwongolero chonga chimenechi atagwada panja, thupi lili kunja, mikono yokha mkati, chifukwa bwana sankalola wantchito kukhala pa mpando. Tsopano anakhalapo. Fungo linali lomwelo, la chikopa chotentha ndi petulo. Makiyi anali pamalo pake, koma dzanja linakana kukwera. Sankadziwa kuti phazi liponde pati. Lawson analowetsa mkono pawindo mwakachetechete n'kupotokola kiyi.

Injini inabangula. Ana a mumsewu anakuwa, ana a pa foni nawonso anakuwa. Mayi Esinati anagwira pakamwa, misozi ikutsika.

"Amayi akanamva! Achimwene, mukudziwa kuti anakulimirani msewu? Chithunzi chitangofika anati galimoto ya mwana wanga singadutse m'kanjira ka mbuzi. Anafulula mowa, anaitana dima, amuna a mudzi wonse anazula zitsa kuyambira pa msewu waukulu mpaka pakhomo pathu. Chaka chilichonse mvula ikatha ankafululanso kuti anthu akwirire maenje. Mpaka chaka chimene anamwalira. Pano anthu amangouti msewu wa Yotamu."

Zimenezi a Yotamu anali asanazimvepo. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri kuti asagwe, ngakhale anali chikhalire. Anaona amayi awo akusenza nkhuni zofululira, akuviika chimera chimene chikanakhala chakudya cha ana, akuima kumapeto kwa msewu pa Khirisimasi dzanja lili pamphumi.

Foni ya Lawson inalira. Anayankha mwaulemu kawiri, katatu, n'kuweramira pawindo.

"Sekuru, pepani, tsikani tsopano. Mkwatibwi akudikira, ndipo abwana akandipha."

Filipe anatembenuka. "Iwe, abwana ake ati? Ukulankhula ndi mwini galimoto!"

Lawson anayang'ana Gamuchirai. Gamuchirai anayang'ana nsapato zake. Mai Ratidzo anayamba kuseka, "Mwini wake? Sekuru athu omwewa a nkhu..." koma ataona nkhope ya nkhalambayo anadukiza, n'kupukuta manja pa chitenje.

A Yotamu anatsika pang'onopang'ono. Anatseka chitseko mofatsa, mmene ankachitira kale. Lawson analowa, anabweza galimoto, ndipo maliboni anapepeluka mpaka pakona. Foni inali ikadali m'manja mwa Filipe, yoyaka.

"Yapita kuti?" anafunsa mayi Esinati. "Filipe, chachitika n'chiyani?"

A Yotamu anatenga foniyo. Anthu onse amene amagula nkhuku kwa iwo, amene amakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi, anali pomwepo.

"Nangozo, imeneyi ndinachita kubwereka. Ya pachithunzi ija inali ya mzungu. Ine ndinkangoitsuka."

"Nanga yanu?"

"Sindinakhalepo nayo."

Filipe anasuzumira kuona ngati foni yaduka. Mayi Esinati atayambanso kulankhula, mawu awo anali ouma, opanda misozi.

"Ndiye pa maliro a amayi munalephera chifukwa chiyani?"

"Ndinachita manyazi kutsika basi."

"Basi! Ife kuno tinkati mwalemera, mwatinyansidwa. Amayi anapita akunena kuti mwana wanga akuopa kudetsa galimoto yake ndi fumbi la kwathu, mumusiye, wazolowera za azungu. Ine ndakhala ndikukukwiyirani moyo wanga wonse chifukwa cha kunyada, pamene inu munali wosauka ngati ife tomwe? Umphawi tikanakulandirani nawo tsiku lomwelo, achimwene. Tinali nawo wambiri, sitikanadabwa."

Foni inaduka.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, osayang'anana. Mai Ratidzo anakokera ana awo m'nyumba. A Yotamu anakakhala kuseri, pa chidebe chogadabuza pafupi ndi khola la nkhuku, ndipo chakudya cha masana anachikana. Gamuchirai anabwera kudzaima pambali pawo.

"Sekuru, ine ndi amene ndinaimba mafoni aja. Ndikanakana."

"Unabadwa nkhaniyi ili ndi imvi kale. Pita ukapatse mlendo madzi."

Dzuwa litapendeka Filipe anatuluka n'kudzakhala pa njerwa moyang'anana nawo. Kwa kanthawi ankangotola timiyala n'kumaponya.

"Amalume, mukudziwa chimene ndinaphunzirira udalaivala? Chithunzi chija. Ndinakulira pansi pake. Anzanga kusukulu ndinkawauza kuti amalume anga akadzabwera adzandikweza kutsogolo. Wina ndinamenyana naye chifukwa anati mwina ndi ya bwana wawo." Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa. "Ndinamuchotsa dzino, munthu akunena zoona."

"Ukamupepesere m'malo mwanga."

"Ndi mkulu wa mpingo pano. Mukamupepese nokha."

A Yotamu anakweza mutu. "Amayi ako angandilandire?"

Filipe anatulutsa foni n'kutsegula uthenga wa mawu umene unali utangolowa. Unali waufupi, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka mbuzi.

"Filipe, uwauze amalume akowo kuti sindinawakhululukire. Ndikufuna ndidzawakalipire ali pafupi, ndikuwagwira dzanja, kuti asathawenso. Abwere mvula isanayambe. Manda a amayi sakuwadziwa, ndipo ine ndikapanda kuona palibe wina adzawalozere bwino."

Anaumvetsera kawiri. Kenako anafunsa Filipe kuti m'lole mwake mumakwera anthu angati.

"Mpando ulipo umodzi, wa kumanzere. Koma ndi masilinda asanu ndi limodzi okha, amalume, ndipo ndi ya dizilo. Mupirira?"

"Usandiseke, mwana wa Esinati."

Vuto lotsala ndi mapepala. Pasipoti a Yotamu alibe, ndipo chitupa chawo ndi chakale chija cholembedwa kuti ndi mlendo. Gamuchirai wafunsa kale kwa anzake oyenda malonda a kunja, ndipo wapeza mtsikana womugwirira tebulo kwa tsiku limodzi. Nkhuku zotsala a Yotamu azisiya m'manja mwa Mai Ratidzo. Lolemba m'mawa awiriwa akwera kombi kupita mtauni, ku ofesi ya kazembe wa Malawi, kukapempha chikalata choyendera. Filipe adzadutsanso pobwerera kuchokera ku Durban kumapeto kwa mwezi, ndipo a Yotamu adzakwera naye kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete mpaka ku Ntcheu.